Khungu lakuda si chishango

Pali bodza limene timalikonda m'nyumba zathu kuno kunja, lakuti munthu wakuda dzuwa silimupweteka. Timalinena moseka pa zikondwerero za pa 6 July m'mapaki a ku Leicester ndi Manchester, tikaona azungu pafupi nafe akudzolana mafuta kumsana. Timalinena monyada, ngati chuma chimene tinadutsa nacho pabwalo la ndege osalipira msonkho. Bodzali silifa msanga chifukwa lili ndi kachoonadi mkati mwake. Khungu lathu lili ndi melanin wambiri, amene amatchinga mbali ina ya cheza cha dzuwa, choncho sitipsa msanga, ndipo khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa siichuluka pakati pathu. Koma kupsa n'kwina, ziwengo n'zina. Pakati pa inu achinyamata amene munabadwira kuno alipo ena amene thupi lawo limalandira kuwala kwa dzuwa ngati mdani. Akanena kunyumba amasekedwa. Akapita kuchipatala amabwerako ndi mafuta a khungu louma. Tikuti kuseka kumeneko kwakwana, ndipo mafuta amenewo si yankho.

Madokotala amawatchula matendawa kuti solar urticaria. Ife tingowatchula kuti ziwengo za dzuwa. Munthu amatuluka panja ali bwinobwino, ndiye pasanathe mphindi 10 khungu layamba kuyabwa ndi kutentha, kenako latuluka zotupa zofufuma ngati walumidwa ndi udzudzu wa dambo lonse. Funsani makolo anu za chitedze, ka mtengo koyanga kaja kamene ubweya wake ukakugwera umavula malaya pamsewu. Kuyabwa kwake n'kofananako. Munthuyo akalowa m'nyumba, zotupazo zimaphwa pakatha ola limodzi kapena awiri, ndithu tsiku lisanathe, osasiya chipsera chilichonse.

Chimene chimachitika m'thupi n'chodziwika. M'khungu muli timaselo totchedwa mast cell, timene timasunga histamine. Mwa munthu wodwala matendawa, kuwala kukagwa pakhungu kumasintha kanthu kena ka m'thupi momwemo, chitetezo cha thupi n'kukaona ngati kachilendo. Timaselo tija timakhuthula histamine, timitsempha ta magazi timatseguka, madzi amatulukamo n'kulowa m'khungu, khungu n'kufufuma. Ndi njira yomweyo imene imagwira munthu amene sayanjana ndi mtedza kapena nkhanu. Melanin angachepetse kuwala kolowa, koma alibe mphamvu yoletsa chitetezo cha thupi kukwiya. N'chifukwa chake matendawa sasankha mtundu.

Inde, ndi osowa. Mwa anthu 100 amene amavutika ndi ziwengo zofufuma zamtunduwu, amene zimawayamba chifukwa cha dzuwa safika ndi mmodzi yemwe. Kawirikawiri amayamba munthu atangokula kumene, ndipo akazi ndiwo amachuluka. Kusowa kwake n'kumene kumapangitsa kuti wodwalayo akhale yekhayekha, chifukwa pabanja palibe anawaonapo, kutchalitchi palibe, mwinanso dokotala wake sanakumanepo nawo.

Matendawa alinso ndi khalidwe limene limachititsa wodwala kuoneka ngati wabodza. Kwa ambiri choyambitsa ndi cheza cha UVA kapena kuwala kumene timaona ndi maso, ndipo zonsezi zimadutsa pagalasi la zenera, pagalasi la m'mbali mwa galimoto, m'mitambo, ngakhale m'malaya opyapyala oyera. Munthu angathe kutupa atakhala m'basi tsiku la mitambo ku Leeds. Chinanso, nkhope ndi manja nthawi zambiri sizitupa kwambiri, pakuti zimaona kuwala tsiku ndi tsiku ndipo zinazolowera. Zimene zimatupa ndi malo obisika, monga pachifuwa, m'mapewa, kumsana ndi m'ntchafu, tsiku limene aonekera. Ndiye amalume amayang'ana n'kufunsa kuti, likanakhala dzuwa, nanga nkhopeyi bwanji ili bwinobwino? Yankho lake ndi limenelo, amalume. Nkhopeyo inazolowera, msanawo ayi.

Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukhala yoseketsa. Khungu lalikulu likaonekera nthawi imodzi, histamine amatuluka wambiri moti magazi amasiya kuthamanga bwino. Mutu umapweteka, pamabwera nseru ndi chizungulire, ena amabanika, ena amakomoka. Taganizani za mtsikana amene wakhala chaka chonse atavala jekete ku Glasgow, wafika ku Salima kapena ku Cape Maclear pa tchuthi cha Disembala, wavala zosambira, walowa m'nyanja masana. Ku Britain muyeso wa mphamvu ya dzuwa, UV index, kawirikawiri supyola 8. Ku Malawi nyengo imeneyo umapyola 11. Munthu akakomokera m'madzi sitikambanso za ziwengo. Mukaona mnzanu watupa thupi lonse, akubanika, milomo kapena lilime zatupa, kapena akuti maso akuchita mdima, mulowetseni pamthunzi, mufunditseni, mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa ngati akupuma bwino, ndipo itanani ambulansi: 999 ku Britain, 911 ku America, 112 pa foni yam'manja ku South Africa. Muli kumudzi, pezani galimoto yothamangira naye kuchipatala. Musayambe ndi kufunsana kuti wadya chiyani.

Tiyambe ndi mlandu wa kunyumba, pakuti ndi wathu. Mwana akamakanda, mawu oyamba amakhala akuti wasanduka mzungu. Ena amati ndi zakudya za m'mapaketi, ena amati ndi kuchenjera pothawa ntchito ya panja, ndipo zikachitikira kumudzi sipalephera azakhali onong'ona kuti alipo amene sanakondwe ndi kubwera kwake. Kwa wamkulu amene akunenayo ndi nthabwala chabe. Kwa inu amene munabadwira ku Luton, ku South Bend kapena ku Johannesburg si nthabwala, chifukwa mwakhala moyo wanu wonse mukulemba mayeso osatha otsimikiza kuti ndinu a kwathu. Chichewa chanu amachiseka, kadyedwe kanu ka nsima amakaseka, kagwadidwe kanu amakaseka. Tsopano khungu lenilenilo, chinthu chokhacho chimene palibe anakutsutsanipo, nalonso likuoneka ngati lakukanani. Ndiye mumasankha kukhala chete. Mumavala malaya a manja aatali osanena chifukwa, mumakana ulendo wa kunyanja ponamizira mutu, mumalola kuti azikutchulani wonyada. Tikudziwa kuti kutchedwa wonyada kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kutchedwa mzungu. Koma n'zamanyazi kwa ife akuluakulu kuti mwana azisankha pakati pa mayina awiri amenewa pamene chimene akufunika ndi dokotala wa khungu.

Ndipo akuluakulu amene amati dzuwa silipweteka munthu wakuda aiwala msanga. Mu 1990, pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anali m'Malawi, oposa 18,000 anadwala pelagira, matenda obwera thupi likasowa niacin, pamene chakudya chawo chinali chodalira kwambiri chimanga mtedza utasiya kufika. Chizindikiro chake chachikulu chinali khungu lothimbirira ndi long'aluka pakhosi, kunja kwa manja ndi kumapazi, ndendende malo amene dzuwa limaomba. Pelagira si ziwengo, ndipo chiyambi chake n'china. Koma anthu amene anali ku Nsanje, ku Dedza kapena ku Ntcheu zaka zimenezo anaona ndi maso awo kuti khungu lakuda bii lingathe kuvulazidwa ndi kuwala. Palibe anawauza odwala aja kuti asanduka azungu.

Mlandu wachiwiri ndi wa chipatala. Kwa zaka zambiri mabuku ophunzitsira madokotala kuno akhala akufotokoza matenda a pakhungu ndi mawu amodzi: kufiira. Zithunzi zake zambiri n'za khungu loyera. Ngakhale muyeso wotchuka wogawira mitundu ya khungu, umene Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anayambitsa mu 1975, poyamba unali wa khungu loyera lokhalokha, ndipo magulu a khungu loderapo ndi lakuda anawonjezedwa pambuyo pake. Pakhungu lathu ziwengo sizifiira ngati pa chithunzi cha m'buku. Zimafufuma koma mtundu wake ungakhale wofanana ndi khungu, kapena woderapo, kapena wotuwirako. Dokotala amene anaphunzitsidwa kufunafuna kufiira amayang'ana, osaona kanthu. Izi si maganizo athu okha. Mu 2020 Malone Mukwende, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala pa St George's ku London, anatopa ndi kufunsa kuti nanga chizindikiro ichi pakhungu lakuda chimaoneka bwanji, ndipo pamodzi ndi aphunzitsi ake awiri analemba kabuku ka Mind the Gap, kosonyeza zizindikiro za matenda pakhungu lakuda ndi loderapo. Tiyamikire mnyamatayo. Koma tifunsenso kuti zinatheka bwanji kuti ntchito imeneyi idikire wophunzira mpaka 2020.

Onjezani apo kuti ziwengo za dzuwa zimaphwa pa ola limodzi, pamene tsiku lokaonana ndi dokotala limabwera patatha masabata. Mumafika khungu lili see, ndipo mwapatsidwa mphindi 10 zoti mufotokoze matenda osaoneka amene dokotalayo akuganiza kuti anthu ngati inu sadwala.

Umboni woti timadwala ulipo. Ku Detroit, pa chipatala cha Henry Ford, dokotala Henry Lim ndi anzake anafalitsa mu 2007 kafukufuku wa odwala 135 achikuda a ku America amene anali ndi matenda a pakhungu obwera ndi kuwala. Ambiri mwa iwo anali ndi matenda ena otchedwa polymorphic light eruption, ndipo apa pafunika kusiyanitsa bwino, chifukwa mwa inu amene mumakanda m'chilimwe, ochuluka muli ndi amenewa osati solar urticaria. Awa si osowa. Satuluka pa mphindi zochepa, amatuluka patapita maola kapena tsiku lotsatira, ndipo amakhala masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri. Pakhungu lakuda amakonda kutuluka ngati tinsungu ting'onoting'ono ngati mutu wa singano, tothithikana pamikono, pakhosi ndi pachifuwa, makamaka dzuwa likangobwerera pakutha kwa nyengo yozizira. Ambiri amawatenga ngati zidzolo za thukuta. Sakomola munthu, koma amayabwa koopsa, ndipo kukanda kumasiya mabanga akuda amene amatenga miyezi kuti afufutike.

Pali zinanso ziwiri zimene dokotala wabwino ayenera kuziganizira. Choyamba chikukhudza aliyense wopita kumudzi. Mmodzi mwa mankhwala oteteza ku malungo amene apaulendo amapatsidwa ndi doxycycline, ndipo amadziwika kuti amachititsa khungu la anthu ena kupsa msanga ndi dzuwa. Ngati zotupa zanu zinayamba muli ku Malawi kapena ku Zambia mukumwa mankhwalawa, nenani zimenezo. Koma chonde musangowasiya pa nokha. Inu amene munakulira kuno mulibe chitetezo cha malungo chimene asuweni anu ali nacho, ndipo malungo amapha msanga kuposa ziwengo. Alipo mankhwala ena, monga Malarone, ndipo nthawi yofunsa ndi musananyamuke. Chachiwiri ndi lupus, matenda amene amagwira akazi achikuda kwambiri kuposa azungu, ndipo dzuwa limawautsa. Ngati pamodzi ndi zotupa mukumva kutopa kosatha, kuphwanya m'mfundo za mafupa, zilonda m'kamwa kapena tsitsi likuthothoka, pemphani kuti akuyezeni magazi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho umboni muyenera kuusonkhanitsa nokha. Foni muli nayo. Zikatuluka, jambulani pomwepo, kuwala kukuchokera m'mbali kuti kufufumako kuoneke, ndipo jambulani malo amene chovala chinathera, kuti malire a khungu lotupa ndi losatupa aoneke. Jambulaninso pakatha ola. Lembani nthawi imene munatuluka, mphindi zimene zinapita kuti kuyabwa kuyambe, nthawi imene kunatha, ngati munali kuseri kwa galasi, ndi mankhwala kapena mafuta onunkhira amene munagwiritsa ntchito. Mukalowa kwa dokotala tchulani dzina la matendawo, ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa katswiri wa khungu. Akakana, pemphani mwaulemu kuti alembe m'buku lanu kuti munapempha ndipo chifukwa chokanira n'chakuti. Makolo athu anatiphunzitsa kuti dokotala satsutsidwa, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma kufunsa si mwano.

Chimene mukufuna ndi phototesting. Amawalitsa timadontho ta kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana kumsana kwanu, mlingo woyezedwa bwino, n'kuona kuti ndi kuwala kuti kumene kukutupitsani ndiponso pa mphamvu yanji. Ku Britain zimachitika m'malo ochepa, monga pa Ninewells ku Dundee, pa Salford Royal pafupi ndi Manchester, ndi pa St John's Institute of Dermatology ku London, zonse pansi pa NHS. Amene muli ku South Africa kapena ku America, njira yake ndi kudzera kwa katswiri wa khungu wa pachipatala chachikulu chophunzitsira madokotala. Chimene tikukuletsani ndi kudziyeza nokha povula malaya padzuwa kuti mutsimikizire abale. Musaike moyo wanu pachiswe pofuna kupambana mkangano wa pakhonde.

Chithandizo chilipo, ngakhale chochiziratu palibe. Poyambira ndi mankhwala otchinga histamine osagonetsa, monga cetirizine, loratadine kapena fexofenadine, omwa tsiku lililonse osati kudikira kuti zituluke. Mlingo wa pa paketi nthawi zambiri sukwanira, ndipo dokotala angaukweze mpaka kuwirikiza kanayi, koma ameneyo ndi dokotala, osati inu. Piriton amene amayi amasunga m'kabati amathandizako, kungoti amagonetsa, ndipo sangakuperekezeni ku mayeso kapena pa chiwongolero. Mapiritsi akalephera pali njira yozoloweretsa khungu, pomaliwalitsa pang'onopang'ono m'chipatala mpaka litalimba, ngakhale kulimbako kumatha msanga mukasiya. Palinso jakisoni wa omalizumab, wobaya kamodzi pa masabata 4, amene anavomerezedwa mu 2014 pa ziwengo zosatha zopanda chiyambi chodziwika, ndipo akatswiri amaperekanso kwa odwala ziwengo za dzuwa amene zina zonse zawakanika. Ambiri amathandizidwa naye. Simungafike pa jakisoni ameneyu ngati buku lanu la kuchipatala likunenabe kuti muli ndi khungu louma.

Pa mafuta oteteza kudzuwa tili ndi dandaulo lapadera. Nambala ya SPF imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu imayeza makamaka chitetezo ku cheza cha UVB, chimene chimapsereza. Wodwala ziwengo za dzuwa akufunika chitetezo ku UVA, chimene ku Britain chimasonyezedwa ndi nyenyezi, 4 kapena 5. Ndipo ngati mdani wake ndi kuwala kooneka ndi maso, mafuta wamba sathandiza n'komwe. Amafunika okhuthala, okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, makamaka osakaniza ndi iron oxide amene amawapatsa mtundu. Vuto n'lakuti ambiri mwa mafuta amenewa anapangidwa osaganizira ife. Ukadzola nkhope imachita mbuu ngati wagwera m'phulusa, ndipo palibe mtsikana wa zaka 16 amene angalowe nayo m'kalasi nkhope yotero. Mafuta amene munthu akuchita nawo manyazi kudzola sateteza aliyense. Funani a mtundu wofanana ndi khungu lanu, ayeseni pamkono musanagule, ndipo uzani katswiri wanu poyera ngati amene wakupatsani simungawadzole. Komabe nsalu imaposa mafuta. Chovala chothithikana ulusi ndi chakuda chimatchinga bwino kuposa chopyapyala choyera. Chiyang'anitseni ku nyali, ngati kuwala kukudutsa, kudzadutsanso pa inu. Chitenje chabwino chopinda kawiri, chimene munkachita nacho manyazi muli ana, chimagwira ntchito imeneyi kuposa malaya ambiri a m'sitolo.

Chimene musachite ndi kugula timachubu ta mafuta a steroid tija timagulitsidwa mobisa m'masitolo ena a zodzoladzola. Pa ziwengo zophwa zokha pa ola limodzi sathandiza, ndipo mukawadzola miyezi amapyapyalitsa khungu, kulisiya ndi mizere ndi mabanga.

Kuthawa dzuwa kulinso ndi mtengo wake. Khungu lakuda limapanga vitamin D mochedwa m'maiko ozizira, ndipo a NHS amalangiza anthu a khungu ngati lathu kuti aziganizira zomwa ma microgram 10 tsiku lililonse chaka chonse. Kwa munthu amene akubisala dala, langizo limeneli si loti alinyozere. Kusukulu ndi kuntchito musavutike mwakachetechete. Ku England, Scotland ndi Wales lamulo la Equality Act la 2010 limati matenda amene akusokoneza kwambiri moyo wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 12 kapena kupitirira angawerengedwe ngati ulumali, ndipo sukulu kapena bwana ayenera kusintha zimene zingasinthike. Mpando wakutali ndi zenera, chilolezo chovala manja aatali pa masewera, pepala lotchinga kuwala lomata pagalasi, kusinthana nthawi ya ntchito ya panja. N'zazing'ono, koma popanda kalata ya katswiri sizibwera.

Kwa makolo amene mukuwerenga pa foni ya mwana wanu, tikupempha zinthu zotheka. Mwana akati dzuwa likumuyabwitsa, funsani kuti zimayamba pakatha mphindi zingati, m'malo momufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Muperekezeni kwa dokotala, mukanene kuti zotupazo munaziona ndi maso anu. Musanapite naye kumudzi, imbani foni kwa agogo ndi azakhali muwafotokozere nokha m'Chichewa chanu chosapotoka, kuti mwanayo asakafike n'kuyamba kudziteteza pabwalo. Ulendo wa kunyanja muukonze m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mankhwala ali m'chikwama cham'manja osati m'sutikesi. Ndipo a makomiti amene mukukonza chikondwerero cha pa 6 July chaka chino, mukamawerengera ndalama za nyama yowotcha ndi zokuzira mawu, muwerengerenso tenti yansalu yokhuthala, ndipo muiimike pafupi ndi pamene pali gule, osati kuseri kwa magalimoto.